Doom kapena msampha? Yankho kwa mayi wa lesitilanti ku Salima

Mayi wina yemwe ali ndi kalesitilanti ku Salima wanditumizira imelo. Akuti chiyambire mvula ntchentche zamusowetsa mtendere. Chitini cha Doom sichikutha sabata, koma makasitomala akudyabe dzanja lina likukupiza pa mbale. Akufunsa ngati agule mankhwala amphamvu kuposa amenewa kapena ayese misampha.

Mayi, za mankhwala amphamvuzo zisiyeni kaye. Ntchentche zimene mukuziona pa tebulo ndi zochepa chabe, zambiri zikadali mazira ndi mphutsi kuseri kwa khitchini yanu. Yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 100 mpaka 150 nthawi imodzi, ndipo imabwereza kangapo isanafe. Kukatentha ngati mmene kumatenthera ku Salima, Mangochi kapena Nsanje, dziralo limaswa tsiku lisanathe, ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 yatsopano yayamba kuuluka. Chimene imafuna ndi pofunda, ponyowa, poola: matumbo ndi mamba a chambo m'dzenje la zinyalala, mango ogwa, chitosi cha m'khola chonyowa ndi mvula, matope a pamene mumatayira madzi otsukira mbale. Mukapopera mumapha zimene zili m'chipindamo mphindi imeneyo basi. Mawa kudzenje kwatuluka zina.

Si kuti mankhwala opopera alibe ntchito. Amagwira m'chipinda chotsekeka: chotsani kapena vundikirani chakudya ndi mbale, tsekani zitseko ndi mawindo, poperani m'mwamba masekondi ochepa, tulukani, dikirani mphindi 10 mpaka 15, tsegulani kuti mupite mphepo, kenako pukutani matebulo ndi madzi a sopo. Pakhonde kapena pa shedi yopanda makoma ndi kutaya ndalama, mphepo imauluza zonse. Komanso ntchentche zimazolowera mankhwala msanga. DDT, mankhwala ophera tizilombo, atangoyamba kugwiritsidwa ntchito, pofika 1946 ku Sweden kunali kale ntchentche zosafa nayo. Zopirira ndi zimene zimatsala n'kuswana, ndiye mukamapopera mankhwala amodzimodzi tsiku ndi tsiku mukuweta mtundu wolimba pakhomo panu pomwe.

Apa ndinene mosapsatira, chifukwa ndi pamene mawu oti "amphamvu" amathera. Pali ena amene amatenga mankhwala a thonje kapena a tomato, kapenanso Actellic wa m'chimanga, n'kumwaza pa usipa wa pathandala kapena pa nyama ya pabutchala kuti ntchentche zobiriwira zisaikirepo mazira. Kumeneko ndi kudyetsa anthu poizoni. Ukaona nsomba yaiwisi pamsika masana dzuwa likuswa mtengo koma popanda ntchentche ngakhale imodzi pomwe za anzake zatuwa nazo, dabwa. Chimodzimodzi kuvundikira chakudya ndi neti ya udzudzu: netiyo ili ndi mankhwala, ndi yogonamo. Ndipo inu okhala kufupi ndi nyanja, dziwani kuti mankhwala ambiri a m'zitinizi ndi oopsa kwambiri ku nsomba, musamatayire zitini kapena zotsukira pampu m'madzi.

Nkhaniyi si ya makasitomala okha. Ntchentche imachoka pa chimbudzi n'kutera pa nsima, ndipo isanadye imayamba yalavulira pa chakudyacho kuti chisungunuke. Ndi njira imodzi imene kamwazi ndi kutsekula m'mimba zimayendera. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Madzi oipa ndiwo anali patsogolo, koma chakudya chosavundikira nacho sichinathandize.

Chimbudzi ndiye poyambira. Ngati ndi chokumba wamba, bowo likhale ndi chivundikiro chokwana bwino, ndipo muzithiramo phulusa. Ngati mungakwanitse, ikani paipi yotulutsa mpweya monga mwa chimbudzi cha Blair, chimene Peter Morgan anakonza ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970. Paipi ya mamilimita 110 ichoke m'dzenje n'kupitirira denga ndi theka la mita, pamwamba pake mumangepo sefa, m'kati mwa chimbudzi mukhale kamdima. Ntchentche zoswedwa m'dzenje zimalondola kuwala kwa m'paipi, zimakatsekeredwa pa sefa n'kufera momwemo. Chimbudzi chotere bowo lake silitsekedwa chifukwa mpweya uyenera kulowera pamenepo. Sefa ikang'ambika kapena akangaude akatseka paipi, zonse zaima, choncho muziyang'anako ndi kuthiramo madzi kuchokera pamwamba mwa apo ndi apo.

Msampha wa botolo

Tengani botolo la pulasitiki la malita 2, ngati la Sobo. Liduleni pamene layambira kuchepa chakukhosi, chotsani chitsekero, tembenuzani chidutswa chapamwambacho kuti chilowe m'botolo ngati fanulo, mumate m'mbali ndi tepi kuti pasakhale mpata. Nyambo: kapu imodzi ya madzi, masipuni 2 a shuga, theka la tiyisipuni ya yisiti, ndi kachidutswa ka matumbo a nsomba. Masese a mowa amagwiranso. Donthezanimo sopo wamadzi pang'ono kuti yogwera m'madzi imire. Pakati pa kamwa la fanulo ndi madzi pakhale mpata wa zala zitatu. Nyambo imayamba kukoka bwino ikasasa, pakapita tsiku limodzi kapena awiri.

Anthu ambiri amalakwitsa malo. Msamphawu umaitana ntchentche, ndiye mukauika pakhomo la khitchini mwaziitanira ku chakudya. Upachikeni ndi waya mamita 10 kapena kuposerapo kuchokera podyera, kufupi ndi dzenje la zinyalala kapena khola, mbali imene mphepo imalowera ikachoka pa lesitilanti, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Padzuwa la ku Salima nyambo imauma msanga, sankhani pa kamthunzi. Ikani kadenga ka chivundikiro cha ndowa yakutha pamwamba pa waya, kusiya mpata wolowera, apo ayi mvula imodzi idzaza botolo. Pakani girisi pa waya chifukwa cha nyerere. Yambani ndi mabotolo anayi. Sabata iliyonse khuthulani, thiranimo madzi otentha chifukwa m'katimo mumaswa mphutsi, kwirirani zonyansazo mozama masentimita 30, ikani nyambo yatsopano.

M'kati mwa lesitilanti musaikemo nyambo yonunkha. Mumafunika mapepala omata aja opachika, patali ndi pophikira ndipo asalunjike pamwamba pa mapoto, sefa m'mawindo, ndi kabati ya sefa yosungiramo ndiwo. Matumbo a nsomba asagone, akwiriridwe tsiku lomwelo, ndowa ya zinyalala itsukidwe madzulo aliwonse chifukwa mphutsi zimakulira mu zonyansa zotsalira pansi pake. Musayembekezere kusintha mawa lomwe. Zimene zaikiridwa kale ziyenera kutuluka, ndiye werengerani masabata awiri. Doom wanuyo musungireni madzulo mukatseka, zikakhala kuti zalowa zambiri m'khitchini.