Kodi galimoto yapamwamba ija ingafike ku Kachulu?

Funso: Akatswiri, anzanga okonda magalimoto akutamandira chithunzi cha galimoto yapamwamba yoyenda m'tchire imene kampani ina yangoonetsa. Kodi ingapirire msewu wa ku Kachulu, kugombe la Nyanja ya Chilwa, nthawi ya dzinja? *Wowerenga, Chinamwali, Zomba*

Yankho: Achimwene, galimoto zotere ndi zongoonetsera maganizo a opanga, ndipo zikafika pamsika zimakhala zitasintha kwambiri.

Yambani kuyang'ana matayala. Marimu a mainchi 22 amasiya labala wopyapyala, ndipo mwala wakuthwa umang'amba m'mbali mwa tayala kapena kupinda rimu. Kuno mainchi 17 ndi abwino, chifukwa m'matope mungachepetse mpweya kuti tayala ligwire bwino pansi. Mimba ya galimoto italikire pansi masentimita 20 kapena kuposa, ndipo ikhale ndi giya ya 4L (yokoka pang'onopang'ono koma mwamphamvu ndi matayala onse anayi) ndi diff lock (chipangizo chopangitsa matayala a mbali zonse ziwiri kuzungulira limodzi).

Chotidetsa nkhawa ndi sasipenshoni ya mpweya, imene imanyamula galimoto pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i. Matumba ake akayamba kudontha, kompuresa yothira mpweya m'matumbamo imapopa osapuma mpaka kupsa, galimoto n'kukhala pansi, ndipo zida zake muzidikira kuchokera kunja.

Mukakwera nayo phiri la Zomba, potsika ku Ku Chawe, ikani giya yotsika. Mabuleki a galimoto yolemera chotere amatentha msanga mukamangowaponda.