Funsani Amakanika: Kudzutsa kagalimoto kakale m'dera la mvula

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo nkhani yake ndi ya tigalimoto takale tomwe eni ake akufuna kutikonza okha pakhomo, nthawi yopuma. Tasankhapo angapo.

Malume anga anamwalira n'kusiya Volkswagen Beetle ya 1973 pansi pa mtengo wa mapeyala. Yakhala pamenepo zaka zoposa khumi osalira. Abale andilola kuti ndiitenge. Si ine makanika, koma sipanala ndimaidziwa. Ndiyambire pati? Mnzanga akuti tingoikamo batire n'kuikankha. — Mphunzitsi, Bvumbwe

Aphunzitsi, mnzanuyo mumuthokoze, koma musamumvere. Injini yomwe yagona zaka khumi imakhala youma m'kati, ndipo maring'i amakhala atagwirana ndi masilinda chifukwa cha dzimbiri. Mukaikankha ili m'giya, maring'i amathyoka n'kukanda silinda.

Musanagule ngakhale bawuti limodzi, pezani blue book, buku la umwini wa galimoto. Kwezani mpando wakumbuyo: nambala ya chasisi inadindidwa pamsana wachitsulo womwe wadutsa pakati pa galimoto, ndipo ya injini ili m'munsi mwa mwendo wonyamula jenereta. Zonse zifanane ndi zomwe zili m'bukumo. Popeza galimotoyo ndi chuma cha masiye, kuvomereza kwa pakamwa sikukwanira. Funsani ku ofesi ya DC ndi ku Road Traffic kuti umwini usinthidwe ntchito isanayambe. Lero abale akuchiona ngati chiphapha, koma tsiku lomwe chidzawale penti, aliyense adzakumbukira kuti malumewo anali akenso.

Kenako tengani sikuludiraiva muyambe kubaya. Bayani pansi pomwe pamakhala batire, kunsi kwa mpando wakumbuyo kuja, chifukwa asidi amayambira kudya pamenepo. Bayaninso mipope iwiri yomwe yadutsa pansi pa zitseko. Imeneyi imatenga mpweya wotentha kupita nawo kutsogolo, komanso ndi yomwe imalimbitsa bodi yonse. Pomaliza onani kutsogolo kwa chasisi pomwe anamangirira chitsulo chonyamula matayala akutsogolo. Apa pakakhala povunda, ntchitoyo yakula kuposa ya pakhomo.

Za injini tsopano. Chotsani mapulagi onse anayi, thirani sipuni ziwiri za oilo wosakaniza ndi dizilo m'bowo lililonse, musiye sabata. Masilinda a Beetle ndi ogona chammbali, choncho oilo amangokhala pansi. Ngati muli ndi kopopera, poperani kuti afike ndi pamwamba pomwe. Sabata ikatha, ikani giya pa fuli, muyese kuzunguza injini ndi sipanala pa pulley (gudumu lomwe pamayenda lamba wa fani), pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo. Ikakana, thiraninso mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikazungulira, gwirani pulley yapansi ndi manja awiri, muikoke n'kuikankha. Iyenera kusuntha pang'ono zedi, pakati pa 0.07 ndi 0.13 mm, moti maso sangaone. Mukamva kuti gu gu, injiniyo ndi yofunika kuphwasula.

Pisani dzanja kuseri kwa chophimba fani, batire mutachotsa. Galimoto yogona pansi pa mtengo sikulephera kukhala ndi chisa cha makoswe mmenemo, ndipo chisa chimodzi chimakwanira kupsereza injini yozizira ndi mphepo. Khetsani oilo wakale, masulani manati asanu ndi limodzi a 10 mm pansi pa injini, tsukani kasefa ka waya ndi palafini, ikani magasiketi atsopano, thirani malita 2.5 a 20W-50. Tcherani mavalavu pa 0.15 mm injini ili yozizira, mapointi a mu distributor (chogawa moto ku mapulagi) pa 0.4 mm, mapulagi pa 0.6 mm. Mawaya a mapulagi amatsata masilinda motere: 1-4-3-2. Zunguzani ndi sitata mapulagi asanalowe mpaka getsi la oilo lizime, ndiye mubwezeretse mapulagi. Petulo wa m'thanki yakaleyo asafike ku kabuleta. Thanki ichotsedwe, itsukidwe.

Ikalira, musatuluke nayo pageti. Werengani kaye yankho la mabuleki lili m'munsimu.

Pansi pa Beetle yanga pali mabowo awiri, lina lolowa chibakera. Wowotcherera wa pa Chitakale akuti aikapo lata la denga n'kumata fila pamwamba. Kodi zikhalitsa? — Bambo wa ku Likhubula

Sizifika dzinja lachiwiri. Fila amamwa madzi n'kuwasunga pachitsulo, ndiye ndi mvula ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, dzimbiri limadya mobisala kunsi kwake mpaka penti atatupa matuza. Ntchito ya fila ndi kusalaza pomwe chitsulo chili kale chamoyo, ndipo asakhuthale kupitirira 3 mm. Lata la denga nalo ndi lopyapyala, komanso utsi womwe limatulutsa poliwotcherera umadwalitsa.

Bowo lomwe mukulionalo ndi laling'ono kuposa povunda penipeni. Palani ndi bulashi ya waya ya pa gilayinda mpaka chitsulo choyera chioneke mbali zonse, dulani chovunda chonse, mupitirire ndi masentimita awiri m'chitsulo chabwino. Jambulani bowolo pakatoni, ndipo katoniyo ikhale muyeso wodulira chigamba. Chigamba chabwino ndi chitsulo cha 1 mm. Denga kapena boneti ya galimoto yophwasulidwa imachita bwino ndipo siidula.

Vuto lalikulu kwathu kuno ndi makina. Owotcherera ambiri ali ndi makina a ndodo, omwe amapangira mageti ndi mafelemu a mawindo. Ndodo ya 2.5 mm pachitsulo cha 1 mm imangoboola. Funani wa makina a MIG (owotcherera ndi waya wopyapyala) kapena wa gasi, ndipo aziwotcherera modontheza: kadontho apa, kadontho mbali inayo, kudikira kuti pazizire, mpaka madontho akumane. Akakoka mzere umodzi wautali, chitsulo chimapindika.

Moto usanayake chotsani batire, mipando, makapeti ndi thanki, yomwe pa Beetle ili kutsogolo. Kumbukirani kuti paipi ya petulo yadutsa m'kati mwa msana wapakati uja. Ndowa ya madzi ndi nsanza yonyowa zikhale pafupi. Ngati mukudula mipope ya pansi pa zitseko, yambani mwawotcherera zitsulo zopingasa pakhomo la chitseko, apo ayi bodi imakhota ndipo zitseko sizidzatsekekanso bwino.

Mukatha, pakani mankhwala opha dzimbiri a phosphoric acid pomwe patsala timadontho, kenako penti woyambira wa epoxy primer mbali zonse ziwiri, m'mizere yowotchererayo muike phala lotseka mipata la seam sealer. M'mipope momwe bulashi singafike poperanimo phula la galimoto kapena oilo. Ndipo fufuzani komwe madziwo ankalowera. Kawirikawiri ndi mphira za mawindo zomwe zinauma n'kung'aluka.

Ndasintha nsapato za mabuleki pa Beetle yanga koma tayala limodzi lakutsogolo limagwirabe ndikachotsa phazi, mpaka dilamu kutentha. — Mayi wa ku Luchenza

Mayi, nsapatozo zilibe mlandu. Kayikirani paipi ya mphira yomwe imapita kutayalalo. Ikakalamba imatupa m'kati, kunja ikuoneka bwinobwino. Phazi lanu lili ndi mphamvu yokankha mafuta kudutsa pothinapo, koma masipuling'i a nsapato alibe mphamvu yowabweza. Poyesa, kwezani tayalalo likagwira, mumasule pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya. Mafuta akatuluka tayala n'kumasuka, ndi paipiyo, kapena master cylinder (pampu yomwe phazi limakankha) ngati matayala ena akugwiranso. Likapanda kumasuka, wheel cylinder (kasilinda ka m'dilamu kokankha nsapato) yagwira dzimbiri.

Pagalimoto yomwe yakhalitsa, ife timati sinthani zonse kamodzi: mapaipi anayi a mphira, ma wheel cylinder onse ndi master cylinder. Mafuta a buleki amakoka chinyezi, n'chifukwa chake zitsulozi zimachita dzimbiri m'kati. Thirani DOT 4 wa m'botolo losatsegulidwa. Yambani mwatchera nsapato ndi timagudumu tiwiri ta mano tomwe tili patayala lililonse, kenako tulutsani mpweya kuyambira tayala lomwe latalikira kwambiri master cylinder. Nati ya dilamu yakumbuyo ndi ya 36 mm, yomangidwa pafupifupi 300 Nm, choncho imasulidwe matayala ali pansi. Fumbi la m'madilamu akale likhoza kukhala la asbestos: musaliuzire, lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yomwe yakhalira jeke kapena njerwa. Njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Beetle yanga imayenda bwino pamalo athyathyathya, koma ndikamakwera kuchoka ku Luchenza kupita pa boma la Thyolo imafooka, imalira ngati mwagwera timiyala, ndipo kumbuyo kumanunkha petulo. — Wowerenga, Thyolo

Tiyambe ndi fungolo, chifukwa ndi lomwe lingakutayitseni galimoto yonse. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo ethanol amaumitsa mapaipi akale a mphira, aja okutidwa ndi ulusi, mpaka kung'aluka. Pa Beetle petulo wodontha amagwera pafupi ndi distributor ndi ekizozi. Sinthani mapaipi onse, wa pansi pa thanki ndi wa pafupi ndi giyabokosi omwe, muike olembedwa R9, omwe amapirira ethanol, ndi zomangira kumapeto konse. Gwedezani kapaipi kamkuwa kolowera m'kabuleta. Kamangokhomeredwa, ndipo kakakhwepa kamazuka injini ikulira. Kasefa ka pulasitiki musakalendeweretse pakati pa pampu ndi kabuleta. Kaikeni pansi pa thanki. Chozimitsira moto chizikhala pomwe dzanja lingafike, osati kuboneti.

Kulira kwa timiyalako ndi chizindikiro choti injini ikutentha kapena moto ukufulumira. Injini iyi ilibe madzi, moyo wake uli pa fani ndi timalata tomwe taizungulira. Amakanika ena amataya timalatati poganiza kuti n'tokongoletsa. Kalikonse kosowa, ngakhale mphira yozungulira injini kapena timphira ta pa mawaya a mapulagi, kamachititsa kuti fani izikokanso mpweya wotentha wa ku ekizozi. Lamba wa fani azilowa 10 mpaka 15 mm mukamudina ndi chala chachikulu; amakungidwa pochotsa mawashala pakati pa pulley ya jenereta. Getsi la jenereta likayaka muli paulendo, imani pomwepo. Mwina lamba waduka, ndipo popanda fani injini imapsa m'mphindi zochepa.

Onaninso mavalavu. Akathina kuchepera 0.15 mm satseka bwino ndipo amapsa, makamaka a silinda nambala 3 pa injini zakale zomwe chozizitsira oilo chimatchinga mphepo yake. Atcheredwe pa makilomita 5,000 alionse, limodzi ndi kusintha oilo, poti injiniyi ilibe fyuluta yeniyeni. Taiming'i, nthawi yomwe moto umafika ku mapulagi, iyesedwe ndi tochi yake yotchedwa timing light: paipi ya vacuum itachotsedwa, injini ikuzungulira cha m'ma 3,000 pa mphindi, isapitirire madigiri 32. Kutchera ndi khutu kwapsereza mapisitoni ambiri.

China ndi kayendetsedwe. Fani imathamanga molingana ndi injini, ndiye kukwera chitunda m'giya 4 injini ikubuula n'kuiphika. Bwererani ku 3 msanga. Pamwamba pa chitunda sololani dipisitiki: ngati simungathe kuigwira ndi zala, oilo watentha mopitirira.

Ndili ndi Mini yomwe imalira bwino kukakhala dzuwa, koma mvula ikangoyamba kapena ndikaponda chithaphwi imazima. — Mnyamata wa pa Limbuli

Achimwene, matenda amenewa Mini inabadwa nawo mu 1959. Injini yake inaikidwa chopingasa, moti distributor ndi mapulagi zili kutsogolo kwenikweni, kuseri kwa gililu, komwe madzi amafikira poyamba. Sinthani chivindikiro cha distributor, rotor ndi mawaya a mapulagi. Mng'alu wosaoneka ndi maso umakwanira kuthawitsa moto kukanyowa. Lizani injini usiku pamdima, mudzaona timoto tabuluu tikudumpha pomwe pali vuto. Mapointi akhale pa 0.38 mm. Pakani girisi wa silicone m'timphira ta mawaya, ndipo ikani chotchinga cha pulasitiki yolimba pakati pa gililu ndi distributor. Musaope kuti injini itentha, rediyeta ya Mini yakale ili chammbali.

Poti mwatifunsa za Mini, dziwaninso kuti injini ndi giyabokosi zimamwera oilo mmodzi, choncho musamachedwe kumusintha, ndipo akhale 20W-50. Mutu wa injini yake ndi wachitsulo, wopangidwira petulo wa mtovu yemwe anasiya kugulitsidwa. Ngati simunaikitse mipando yolimba ya mavalavu, muzithira mankhwala olowa m'malo mwa mtovu.

Ndikufuna kupopera penti ndekha patchuthi cha mu June. Zitheka? — Bambo wa ku Makwasa

Bambo, June ndi mwezi wa chiperoni. Penti wopopera kukuzizira ndi chinyezi amachita mbuu, sawala, ndipo madzi otsekeredwa kunsi kwake amadzatuluka ngati timatuza. Tchuthi chimenecho chithere pa sandipepa: wa nambala 80 pa fila, 180, kenako 320 musanapopere primer, ndi 600 wa madzi pamwamba pa primer. Chitsulo chopalidwa chisagone usiku chili pambalambanda, chimacha chitachita kale dzimbiri. Penti weniweni adikire September kapena October, mame atauma koma dzuwa lisanafike paliwombo, m'shedi yomwe pansi mwawazapo madzi kuti fumbi lisabuke. Khetsani madzi m'thanki ya kompuresa musanayambe. Penti wa 2K, wosakaniza ndi choumitsa, ali ndi mankhwala oononga mapapo, ndipo kamasiki ka pepala sikateteza. Ngati mulibe chopumira choyenera, konzani bodi nokha koma kopopera mukaperekeko kwa odziwa ku Limbe. Mukasintha mtundu wa galimoto, kauzeni a Road Traffic musanapite kokatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.