Andiimitsa ntchito ku UK akuti ndimadana ndi Ayuda chifukwa cha Palestine, ndipange bwanji?

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga bwinobwino. Mwati ndinu nesi pachipatala china cha boma (NHS) ku England, muli pa Health and Care Worker visa ndipo simunathe zaka ziwiri pamalopo, munapita ku mademo a Palestine ku London kenako nkuika zinthu zitatu pa Facebook, chithunzi chanu mutanyamula chikwangwani cha Free Palestine, mawu oti zomwe zikuchitika ku Gaza ndi kupululutsa mtundu wa anthu, ndi positi ina yomwe munangosheya yonena kuti Ayuda ndi omwe agwira ma TV ndi mabanki nchifukwa chake dziko lili chete. Mnzanu wa pawodi wakadandaula, akuimitsani kaye ntchito ndipo kalata yabwera yokuitanani kuti mukafunsidwe. Mukufuna kudziwa ngati mudilite zonse, ngati mungosiya ntchito nokha, komanso ngati viza ili pachiswe.

Musasiye ntchito, chonde. Kuimitsidwa uku sikuchotsedwa ayi, malipiro akuyenera kumabwerabe onse ndipo sponsorship yanu, kukuimirirani kwa bwana pa viza, ikadalipo. Mukangolemba kalata yosiya nokha, bwana amakanena ku Home Office, unduna woona za ma viza, kenako kalata imabwera yodula viza yanu nkukusiyirani masiku 60 basi oti mupeze sponsor wina kapena mupakire, ndipo kusiyako sikuletsa chipatala kukakunenezani ku NMC, bungwe lomwe limalembetsa ndi kulanga manesi. Kudilita nakonso sikukuthandizani, odandaulawo ma screenshot ali nawo kale, ndiye mukafufuta mwakachetechete zimangooneka ngati mukubisa umboni. Jambulani ma positi onse atatu ndi madeti ake ndi makomenti apansi, sungani, tsekani akaunti kuti anthu akunja asamaone, kenako ija yachitatu muichotse mutalankhula ndi a yuniyoni ndipo mukanene poyera kuti mwaichotsa komanso chifukwa chake.

Tsopano pamtima pa nkhani. Ku UK kulibe mlandu wolembedwa m'malamulo wotchedwa anti-Semitism, chomwe chilipo ndi malamulo a tsankho, a kuzunza munthu ndi mawu, ndi a kukolezera chidani, ndiye funso lomwe aliyense woweruza angafunse si loti muli mbali iti pa nkhondoyi koma loti munalemba mawu ati enieni ndipo akuloza ndani. Ma positi anu atatu aja sali ofanana, awiri ali pena, imodzi ili pena, ndipo mukawateteza onse mtolo umodzi muluza ndi omwe mukanawina.

Equality Act 2010 imateteza Ayuda pawiri, ngati mtundu komanso ngati chipembedzo, ndiye mnzanu wodandaulayo ali ndi ufulu wake ndipo bwana sangangokhala osafufuza. Koma lamulo lomwelo limatetezanso inuyo pa zomwe mumakhulupirira, olo zisakhale za tchalitchi. Pali mlandu wa David Miller, pulofesa yemwe University of Bristol inamuchotsa ntchito mu Okutobala 2021, ndipo mu Febuluwale 2024 khothi la za ntchito linagamula kuti maganizo ake otsutsa Zionism, mfundo yoti Ayuda akhale ndi dziko lawolawo ku Israel, ndi chikhulupiriro chotetezedwa ndipo kumuchotsa kuja kunali tsankho. Anthu amakonda kuthera pomwepo akamafotokoza mlanduwu koma pali mbali yachiwiri, khothi lomwelo linadula chipukuta misozi chake cha kuchotsedwa ntchito ndi theka chifukwa cha zomwe ananena zokhudza ophunzira achiyuda apayunivesitipo. Komanso chinali chigamulo cha khothi loyambirira, sichikakamiza makhothi ena kutsatira. Wamphamvu kwambiri kwa inu ndi wa Higgs v Farmor's School wa Febuluwale 2025 ku Court of Appeal, sunali wa Palestine ayi, unali wa mayi wachikhristu yemwe anachotsedwa pasukulu chifukwa cha ma positi a pa Facebook, koma mfundo yake ikukukhudzani, bwana sangakuchotseni kungoti wina wakhumudwa kapena akuopa kuti mbiri ya malo antchito iipa, akuyenera kuonetsa kuti momwe munayankhulira munalumpha malire ndiponso kuti chilangocho chikulingana ndi cholakwacho. Poti NHS ndi ya boma, Article 10 ya ufulu woyankhula kudzera mu Human Rights Act 1998 akuyenera kuitsatiranso.

Mwati m'kalata ya chipatala ija atchulamo IHRA, bungwe la maiko lokumbukira kuphedwa kwa Ayuda ndi a Nazi. Akunena za tanthauzo lake la chidani pa Ayuda lomwe linavomerezedwa mu 2016 ndipo boma la UK linalitenga mu Disembala chaka chomwecho, lili ndi zitsanzo 11 ndipo 7 mwa izo zikukhudza Israel, nchifukwa chake mkangano umakula. Koma si lamulo, palokha limanena kuti silikakamiza munthu mwalamulo, ndipo limanenanso kuti kudzudzula Israel ngati momwe mungadzudzulire dziko lina lililonse sikudana ndi Ayuda. Kenneth Stern yemwe anatsogolera polilemba wakhala akudandaula poyera kuti likugwiritsidwa ntchito potseka anthu pakamwa, ndipo mu 2021 akatswiri ena analemba lina lotchedwa Jerusalem Declaration. Afunseni ngati chipatala chanu chinalilowetsa mu malamulo ake antchito, liti, ndipo munauzidwa liti.

Chikwangwani cha Free Palestine pa mademo ololedwa, tsiku lomwe munali off, opanda yunifomu, pamenepo palibe mlandu. Mawu oti kupululutsa mtundu ndi olemera zedi ndipo Israel imawakana kwamtuwagalu, koma akuloza boma ndi asilikali ake, ndi nkhani yomwe South Africa inakasuma ku International Court of Justice mu Disembala 2023, ndiye munthu kunena maganizo ake pa nkhani yomwe ili m'khothi la dziko lonse nkovuta kuti bwana anene kuti ndi chifukwa chomuchotsera ntchito.

Yachitatu ija sindingakunamizeni, ndi yoipa. Zoti Ayuda agwira mabanki ndi manyuzi ndi bodza lakalekale lomwe a Nazi ankafalitsa asanaphe Ayuda 6 miliyoni, silikunena za Netanyahu kapena Gaza, likunena za mtundu wonse wa anthu kuphatikizapo agogo achiyuda omwe mwina mawa adzagona pawodi yanu, ndipo olo aja otsutsa IHRA amavomereza kuti izi ndi chidani. Kunena kuti ndinangosheya sinalembe ndine sikumapulumutsa munthu. Komanso mantha a Ayuda ku UK si ongopeka, pa 2 Okutobala 2025 anthu awiri anaphedwa pa chiwembu cha pa sunagoge wa Heaton Park ku Manchester pa Yom Kippur, tsiku lopatulika kwambiri la Ayuda. Ine kuphedwa kwa ana ku Gaza kumandiwawa ngati inuyo, ndipo nchifukwa chake positi ngati imeneyi imandikwiyitsa, imapereka chibonga kwa omwe akufuna kunena kuti aliyense wolira za Palestine ndi wodana ndi Ayuda. Pa iyoyo vomerani kuti inali yolakwika, nenani chifukwa chake mukuona kuti ndi yolakwika, pepesani pa iyo yokha moitchula. Musasaine chikalata chongoti ndikupepesa pa ma positi anga onse odana ndi Ayuda, chimenecho chimakutsatirani ku NMC ndi kulikonse komwe mungakafune ntchito.

Ndondomeko yake imayenda chonchi. Msonkhano woyambawu ndi wofufuza chabe, sangakuchotseni pamenepo. Musanapite lembani imelo yopempha madandaulo enieni molembedwa, ma screenshot omwe ali nawo, ndi ma policy omwe akuti mwaphwanya, wa za social media ndi wa za chilango, ngati masiku achepa pemphani asunthe. Lamulo lokupatsani ufulu wopita ndi munthu wa yuniyoni kapena mnzanu wapantchito, lomwe ndi gawo 10 la Employment Relations Act 1999, limagwira pa msonkhano wa chilango osati wofufuza, koma zipatala zambiri za NHS zimalola konse konse ndiye pemphani basi. Ngati muli mu yuniyoni ya RCN kapena Unison imbani lero lomwe, koma ngati simunalowe dziwani kuti ma yuniyoni kawirikawiri satenga nkhani yomwe inayamba musanajoine, zikatero yesani Citizens Advice, law centre yakwanuko, kapena European Legal Support Center omwe ntchito yawo ndi yothandiza anthu omwe avutika chifukwa choyankhulira Palestine. Mumsonkhanomo yankhani zomwe mwafunsidwa, musayambe kuphunzitsa mbiri ya 1948 pomwe dziko la Israel linakhazikitsidwa, ndipo akakufunsani za Hamas musayankhe mwa phuma. Nenani momveka kuti maganizo anu pa Palestine ndi chikhulupiriro chotetezedwa pansi pa Equality Act ndipo zilembedwe mu maminitsi, maminitsiwo muwawerenge musanavomere. Tengani umboni woti simunasalepo wodwala aliyense, ma appraisal anu, makalata oyamikira, chifukwa funso lawo lalikulu ndi loti kodi wodwala wachiyuda angakhale pabwino m'manja mwanu. Zikapita ku chilango ACAS Code, ndondomeko ya bungwe loyanjanitsa mabwana ndi antchito la ACAS, imati akuuzeni mlandu molembedwa, akumveni, akupatseni chigamulo molembedwa komanso mwayi wa apilo, ndipo bwana akanyalanyaza zimenezi khothi likhoza kuwonjezera chipukuta misozi mpaka 25 peresenti.

Za zaka ziwiri zija zisakufooketseni. Mlandu wamba wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ndi womwe umafuna kuti munthu akhale atagwirako nthawi, koma wa tsankho ulibe zimenezo, olo mutagwira sabata imodzi mukhoza kusuma. Chomwe chimagwetsa anthu ndi nthawi, werengani miyezi itatu kuchotsa tsiku limodzi kuchokera tsiku lomwe chinthucho chachitika, ndipo musanakasume mukuyenera kudzera kaye ku ACAS kuti ayese kukuyanjanitsani, apilo ya mkati mwa chipatala siimitsa wotchi imeneyi ayi ndiye musamadikire kuti ithe kaye.

Mwafunsanso ngati mungamusumire mnzanuyo chifukwa chokuipitsirani mbiri. Ine ndingati zisiyeni. Defamation Act 2013 imafuna muonetse kuti mbiri yanu yaonongeka kwambiri, madandaulo opita kwa bwana mwa ndondomeko amakhala ndi chitetezo, ndalama zake ndi zoopsa ndipo legal aid, thandizo la boma lolipirira loya, kulibe, kuphatikiza apo positi yachitatu ija ingawapatse poyambira. Musamulembere meseji, musatumenso munthu, zimasanduka mlandu wina woopseza mboni.

Mbali ya apolisi simunaifunse koma ndiyofunika kwa munthu wa viza. Terrorism Act 2000 gawo 12 imaletsa kuitanira anthu kuti asapote gulu loletsedwa kapena kuyankhula molisapota mosasamala kuti ena akopeka, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo gawo 13 likukhudza zovala, mbendera ndi zikwangwani, miyezi 6. Hamas yonse inaletsedwa mu Novembala 2021, Hezbollah ya ku Lebanon yonse mu 2019, ndipo mu Julayi 2025 boma linaika gulu la Palestine Action pa mndandanda womwewo mamembala ake ataononga ndege pamalo a asilikali a RAF Brize Norton, anthu ambirimbiri kuphatikizapo okalamba anamangidwa chifukwa chonyamula katoni yolembedwa kuti akusapota gululi. Nkhani ya chiletsochi inakalowa m'makhothi, ndiye musananyamule chikwangwani chomwe wina wakupatsani panjira onani kaye mndandanda wa magulu oletsedwa pa gov.uk. Mu Disembala 2025 apolisi a London ndi Manchester analengezanso kuti azimanga oimba mawu oti globalise the intifada, kutanthauza kuti kuukira kwa anthu a ku Palestine kufalikire dziko lonse. Mbendera ya Palestine ndi mpango wawo wa keffiyeh sizoletsedwa. Apolisi akakuitanani kuti tingocheza pang'ono, chomwe amati voluntary interview, musapite nokha, loya wa kupolisi ndi waulere kwa aliyense posayang'ana pasipoti, ndipo musavomere caution, chenjezo lolembedwa la apolisi, pofuna kuti mupite kunyumba msanga chifukwa caution ndi kuvomera mlandu, imatha kutuluka pa DBS, kafukufuku wa mbiri ya milandu yemwe mabwana amapempha, mukuyenera kuuza NMC, ndipo imadzakupezani pofunsira indefinite leave, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, kapena unzika.

Home Office nayo ili ndi mphamvu yolanda viza ikaona kuti kukhala kwa munthu m'dzikomo sikokomera anthu, olo asanapezeke ndi mlandu kukhothi. Anachita zimenezi kwa Dana Abuqamar, mtsikana wa ku Palestine yemwe ankaphunzira zamalamulo ku University of Manchester, chifukwa cha zomwe ananena pa mademo mu Okutobala 2023, iye anachita apilo ndipo mu 2024 khothi linamukomera ponena kuti boma linapondereza ufulu wake woyankhula. Pa zomwe mwandiuza inu simuli pafupi ndi zimenezo, ngozi yanu ya viza ili pa ntchito basi, nchifukwa chake cholinga chathu ndi choti nkhaniyi ithere pa chenjezo osati kuchotsedwa.

Zonsezi ndi za ku England ndi Wales ndipo ndayankha potengera mbali yanu yokha, kalata ya chipatalayo sindinaione. Usiku uno lembani zonse motsatana ndi madeti, tsiku la mademo, la positi iliyonse, la kuimitsidwa, ndi yemwe ananena chani. Yang'ananinso ngati pa Facebook panu munalembapo dzina la chipatala kapena muli ndi chithunzi cha yunifomu, chifukwa adzakufunsani ndithu, ndipo kumsonkhanoko musapite musanaonane ndi wa yuniyoni kapena loya wa za ntchito yemwe waiwerenga kalatayo ndi maso ake.