Matope angatiuze bwanji za mchere wa makedzana?

FUNSO: Ine ndimagwira ntchito ku Mtubatuba kuno ku Joni, nde tsiku lina titapita kukaona mvuu pa St Lucia woyendetsa boti ankati ma scientist amadziwa mmene nyanjayi inalili zaka masauzande zapitazo, mchere wake ndi mitengo yomwe, pongofufuza matope apansi. Zoona zimenezi?

YANKHO: Achimwene, sanakunamizeni ayi. Chaka ndi chaka matope amakhazikika pansi pa nyanja, atsopano pamwamba pa akale, nde akazika paipi yaitali n'kuizula imatuluka ndi matope ali mmizeremizere, apansi kwambiriwo ndi agogo ake a onse. Zaka amaziwerenga ndi njira ya radiocarbon, amayeza carbon-14 yotsala mu tizidutswa ta zomera kapena zigoba, poti chamoyo chikafa carbon-14 imene inali m'thupi mwake imatha theka pa zaka 5,730 zilizonse.

Za mitengo amaonera mungu. Mungu ukakwiririka mmatope suola msanga, ndipo pa maikulosikopu wa mangrove (mitengo yomera mmadzi a mchere) sufanana ndi wa udzu kapena wa bango, wa paini ukayamba kuoneka mmizere yapamwamba amadziwa kuti apa anthu anayamba kudzala nkhalango zawo.

Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi ma diatom, ndere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tokhala ndi chigoba changati galasi. Tina timafuna madzi opanda mchere, tina ta madzi a m'nyanja yaikulu, tina timapirira pakatikati, nde tikafa zigoba zimatsala pompo ndipo ukawerenga kuti mu mzere uwu tochuluka ndi titi wadziwa kale kuti madziwo anali otani nthawi imeneyo.

Nanga n'kuvutikiranji? St Lucia mchere wake umakwera ndi kutsika heavy. Mu 1952 anthu anapatutsa mtsinje wa Mfolozi, umene unkabweretsa madzi m'nyanjayi, kuti uzikathira wokha mu Indian Ocean, nyanjayi inataya madzi abwino ambiri, ndipo chilala chitabwera pakamwa pa St Lucia pomwe imakumana ndi nyanja yaikulu panatsekeka mu 2002, mbali yaikulu inauma, kumpoto kwa nyanjayi ku False Bay mchere unaposa kangapo wa m'nyanja yaikulu umene umakhala pafupifupi magalamu 35 pa lita. Nde funso linali loti kodi zimenezi n'zachilengedwe kapena taononga ndife? Mabuku a zoyezayeza ndi a dzulodzuloli, sangayankhe okha, pomwe matope anayamba kusunga nkhaniyi munthu asanagwire khasu pa Mfolozi. Oyang'anira paki ya iSimangaliso, momwe muli St Lucia, anayamba kulumikizanso mtsinjewu ndi nyanjayi mu 2012.