Ukapolo Unatha mu 1865, Nanga Ufulu Unachedwa Kuti?

Mayi wina amene amaphunzitsa mbiri yakale kusukulu ya sekondale wanditumizira funso pa imelo, limene akuti ophunzira ake amabwereza chaka ndi chaka. Funsolo ndi lakuti: ngati akapolo a ku America anamasulidwa pamene nkhondo yapachiweniweni inatha mu 1865, n'chifukwa chiyani Martin Luther King ndi anzake ankamenyerabe ufulu woponya voti patadutsa zaka 100?

Mayi, yankho lagona m'zaka 12 zoyambira 1865 mpaka 1877, zimene Aamerika amazitcha nyengo yomanganso dziko. M'zaka zimenezi boma linali ndi ntchito ziwiri zimene zinkakokana. Yoyamba inali kubwezera mumgwirizano zigawo 11 za kummwera zimene zinagalukira boma, ndipo yachiwiri inali kuteteza anthu pafupifupi 4 miliyoni amene anali atangochoka m'goli la ukapolo. Maganizo anga ndi akuti ntchito yoyamba inatheka chifukwa yachiwiri inasiyidwa panjira.

Asilikali ogalukira a kummwera otsogozedwa ndi Robert E. Lee anagonja ku Appomattox pa 9 Epulo 1865, ndipo sabata isanathe Pulezidenti Abraham Lincoln anawomberedwa. Mpando wake unagwera Andrew Johnson, munthu wa ku Tennessee amene sankafuna kuti dziko ligawanike koma analibe nawo ntchito anthu akuda. Iye anakhululukira ogalukira ambirimbiri n'kulola zigawo za kummwera kukhazikitsanso maboma awo. Kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo oyendetsera dziko kunathetsa ukapolo mu Disembala 1865, koma chaka chomwecho Mississippi ndi South Carolina zinali zitakhazikitsa kale malamulo okhudza anthu akuda okha. Ku Mississippi munthu wakuda wopezeka alibe kalata yosonyeza kuti ali pa ntchito ankatha kumangidwa ngati wongoyendayenda, ndipo akalephera kulipira chindapusa ankabwereketsedwa kwa mzungu amene wamulipirira.

Nkhani imene ndimaona kuti mabuku a kusukulu saifotokoza mokwanira ndi ya malo. Mu Januwale 1865, mkulu wa asilikali a boma William T. Sherman analamula kuti minda ya m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi kumpoto kwa Florida igawidwe kwa omasulidwa, banja lililonse maekala osapitirira 40, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anakhazikika n'kuyamba kulima. Johnson analamula kuti mindayo ibwezedwe kwa eni ake akale. Amene anatumidwa kukanena uthengawu anali Oliver O. Howard, mkulu wa Freedmen's Bureau, nthambi ya boma imene inakhazikitsidwa kuti ithandize omasulidwawo. Mu Okutobala 1865 Howard, amene anaduka mkono wamanja pankhondo yomweyo, anaima m'tchalitchi chodzaza pachilumba cha Edisto n'kuuza anthu amene anali atalima kale kuti agwirizane ndi ambuye awo akale. Anthuwo anakana, anasankha komiti, ndipo analembera kalata Pulezidenti yopempha mwayi wogula mindayo. Pempholo silinasinthe ndondomeko ya boma.

Chimene chinatsatira ndi ulimi wogawana zokolola. Banja linkalima thonje pamunda wa mwini malo, n'kutenga mbewu, zipangizo ndi chakudya pangongole, ndipo pokolola mwini malo, amene ndiye ankasunga buku la ngongole, nthawi zambiri ankapeza kuti banjalo likadali ndi ngongole. Ophunzira anu amene anawerenga za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu sadzavutika kumvetsa mmene munthu angakhalire mfulu pa pepala koma osatha kuchoka pamunda wa mwini wake.

Komabe tisanene kuti palibe chimene chinachitika, chifukwa Nyumba ya Malamulo, imene inali m'manja mwa chipani cha Republican, inalimbana ndi Johnson kwambiri. Mu 1867 inagawa zigawo 10 za kummwera m'madera asanu olamulidwa ndi asilikali, ndipo inalamula kuti amuna akuda avote posankha olemba malamulo atsopano a zigawozo. Kusintha kwa nambala 14, mu 1868, kunapanga munthu wobadwira m'dzikolo kukhala nzika yoyenera kutetezedwa ndi malamulo mofanana ndi ena onse, pamene kwa nambala 15, mu 1870, kunaletsa kumana munthu voti chifukwa cha mtundu kapena khungu lake, ngakhale kuti amayi a mtundu uliwonse anasiyidwa kunja. Mu 1870 Hiram Revels wa ku Mississippi anakhala seneta woyamba wakuda, ndipo anthu akuda pafupifupi 2,000 anagwira maudindo osiyanasiyana m'nyengo yonseyi. Maboma amenewa ndi amene anayambitsa sukulu za boma m'madera ambiri a kummwera, ndipo ana a azungu osauka anapindula nazonso. Omasulidwawo anamanga matchalitchi awoawo, anamangitsa maukwati amene ukapolo sunkawazindikira, ndipo ena anayenda mitunda italiitali kufunafuna ana ndi abale amene anagulitsidwa kutali.

Zonsezi zinagwetsedwa ndi mfuti. Gulu la azungu la Ku Klux Klan, limene linayambira ku Pulaski ku Tennessee, linkapha ndi kukwapula aphunzitsi, abusa ndi ovota. Pulezidenti Ulysses S. Grant analithyola msana mu 1871 potumiza asilikali ndi kumanga anthu ambiri ku South Carolina, zimene zikusonyeza kuti boma likafuna linkatha. Koma taonani zimene zinachitika ku Colfax, ku Louisiana, pa tsiku la Pasaka mu 1873. Pambuyo pa chisankho chimene mbali zonse zinkati zapambana, amuna akuda anasonkhana kuti ateteze nyumba ya khothi, ndipo azungu okhala ndi mfuti ndi mzinga anaitentha n'kupha ambiri amene anali atagonja kale. Ophedwa akuda anaposa 60, ndipo ena amati anafika 150, pamene azungu anafa atatu. Anthu atatu okha ndi amene anapezeka olakwa, koma mu 1876 khothi lalikulu la dzikolo linafafaniza chigamulocho ponena kuti kusintha kwa nambala 14 kumaletsa maboma a zigawo kupondereza nzika, osati anthu wamba. Kunena kwina, wofuna chitetezo anauzidwa kukadandaula kuboma la chigawo chake, limene posakhalitsa linali m'manja mwa anzawo a achiwembuwo.

Panthawiyi anthu a kumpoto anali atatopa. Chuma chinagwa mu 1873, ndipo chaka chotsatira banki imene omasulidwa ambiri ankasungitsako ndalama zawo inatsekedwa. Lamulo la 1872 linali litabwezera kale ogalukira ambiri ufulu wokhala pa maudindo. Chisankho cha pulezidenti cha 1876 pakati pa Rutherford B. Hayes ndi Samuel Tilden chitabweretsa mkangano, Hayes anapatsidwa mpando, ndipo mu 1877 anachotsa asilikali amene ankateteza maboma a Republican ku South Carolina ndi Louisiana. Azungu a kumpoto ndi a kummwera anagwirana chanza, ndipo munthu wakuda sanafunsidwe.

Malamulo atatu aja, a nambala 13, 14 ndi 15, sanafafanizidwe, anangozembedwa. Mississippi inayamba mu 1890 ndi msonkho wolipira usanavote komanso mayeso owerenga ndi kumasulira malamulo, amene kalaliki mzungu ndiye ankagamula wokhoza ndi wolephera. Ku Louisiana ovota akuda olembetsa anatsika kuchoka pa 130,000 ndi kuposerapo mu 1896 kufika pochepera 1,400 mu 1904. Choncho King ndi anzake sankapempha ufulu watsopano, koma ankafuna kuti zimene zinalembedwa mu 1868 ndi 1870 zigwire ntchito, ndipo chigamulo cha 1954 chothetsa tsankho m'sukulu ndi lamulo la mavoti la 1965 zinatsamira pa malamulo omwewo.

Pophunzitsa, mayi, mungathe kuwakumbutsa anawo kuti John Chilembwe anafika ku America mu 1897, patangotha chaka khothi lalikulu litavomereza tsankho m'sitima zapamtunda pa mlandu wa Plessy. Anaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, kufupi ndi Appomattox, pasukulu ya ubusa imene inamangidwa ndi Abaputisti akuda, ambiri a iwo obadwira muukapolo kapena ana a akapolo. Anabwerera kuno mu 1900, ndipo mu 1902 Virginia nayo inalemba malamulo atsopano amene anachotsa anthu akuda ambiri m'kaundula wa ovota.