Makina anga osokera asanduka poika wailesi

Funso:

Azakhali, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Zomba. Kusoka si ntchito yanga, ndimangokonda basi. Loweruka ndinkatola tizidutswa ta zitenje kwa atelala a mumsika n'kulumikiza, kutuluka zikwama, mapilo, tsiku lina bedikava yathunthu. Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 pa 23 Malichi 2020 ndinayamba kusoka mamasiki okhaokha: a kutchalitchi, a aneba, a pamaliro. Mu Januwale 2021 tinaika m'manda mlamu wanga, ndipo kuchokera apo sindinapalasenso makina. Chilimwe chadutsa zii, matenda achepako, nthawi ndili nayo, koma pamakinapo taikapo wailesi. Mtima ukufuna, manja akukana. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi, Zomba

Yankho:

Aphunzitsi, pepani za alamu anu. Januwale ameneyo tonse sitidzamuiwala; nduna ziwiri za boma zinapita tsiku limodzi, ndipo foni ikalira usiku munthu unkaopa kuyankha.

Manja anuwo ine sindikuwadabwa. Makina amene ankakupatsani mpumulo munawasandutsa ganyu yopanda malipiro. Masiki n'chiyani? Kansalu kopinda katatu, lasitiki uku, lasitiki uku, wina, winanso. Palibe poti maso asankhe mtundu. Ine ndinasoka mpaka ndinkalota lasitiki, ndipo makina anga anakhala miyezi isanu atafundidwa chitenje ngati mwana wodwala malungo.

Tsono Loweruka likudzali musasoke. Tsitsani wailesi, tulutsani makina pakhonde pamene pali kuwala, muwasambitse. Tsegulani kachitsulo ka pansi pa singano. Mupeza thonje la ulusi litaundana m'mano muja ngati chisa. Chotsani ndi mswachi wakale. Donthezani parafini pang'ono paliponse pamene chitsulo chimakhudza chinzake, zungulizani gudumu ndi dzanja mpaka limasuke, pukutani, kenaka ikani mafuta a makina, kadontho kamodzi pabowo lililonse. Mafuta ophikira ayi, chonde. Mnzanga wina anathira a mpendadzuwa, patapita mwezi makina anagwira nganganga ngati phula.

Lamba mwina watayirira. Masulani kawaya kolumikizira, dulani kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, boolani ndi msomali, mulumikizenso. Singano yakaleyo tayani, yabuntha ndi mamasiki. Ya nambala 14 imakwanira pachitenje, ya 16 mukamasoka zikwama zokhala ndi nsalu zingapo pamodzi. Musanaichotse muone mbali yaphwatalala yayang'ana kuti, chifukwa yatsopano ikalowa chozondoka makina amadumpha misoko ndipo inu muyamba kudzida pachabe. Ulusi wokhalitsa pawindo dzuwa la Okutobala laupsereza. Ukokeni, ukaduka msanga gulani wina.

Mukatero palasani pasanza, popanda cholinga, mafuta otsala athere pomwepo. Mverani kulira kwake. Kwa ine phokoso lija ndi limene linandibweza, osati nzeru za munthu.

Choyamba kusoka chikhale chinthu chimene palibe wakutumani. Aneba akangomva makina abwera ndi mayunifomu ong'ambika ndi mazipi. Auzeni kuti adakali m'chipatala. Ine ndinayamba ndi kathumba ka singano, kokhota, mpaka pano sindinaonetse munthu.

Chinanso, ngati mtima ungalole. Katundu wa malemu atagawidwa, mwina kunyumba kwanu kunafika chitenje chawo kapena malaya. Musadule msanga, ndipo mufunse kaye eni mbumba. Akavomera, kachidutswa kamodzi kalowe pakona ya bedikava yotsatira. Mukalira pamakina, siyani, muphike tiyi, mubwerere mawa.

Mvula yayandikira, ndipo chinyezi cha ku Zomba ndimachidziwa. Mukatha, muwafunditse makinawo, wailesi muipezere msomali pakhoma. Mudzandilemberenso pofika Khrisimasi, mundiuze kuti chatuluka n'chiyani, ngakhale chikhale chokhota.

Azakhali