Wotchi ya malemu bambo anu musayiwalitse

FUNSO: Malemu bambo anga anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo anabwerako ndi wotchi ya pamkono yolembedwa Omega. Siyendera batire, imachita kupukusidwa. Nkhope yake yachita chikasu, galasi lakalikakalika, ndipo tsiku lina m'mawa ndinaona nthunzi m'kati. Mnzanga akuti mawotchi oterewa amagulidwa ndalama zambiri ku okushoni kunja. Kodi ndiipereke kaye kwa wokonza kuti aiwalitse? — Bambo wa ku Senga Bay, Salima

YANKHO: Bambo, musaiwalitse ayi. Ogula mawotchi akale amafuna wotchi yomwe ili monga inatulukira ku fakitale, ngakhale itakalamba. Wokonza akaikwecha pa makina, chitsulo chimadyeka ndipo m'mbali mwake mumafafanizika, osabwereranso. Akapenta nkhope kapena kusintha mivi, mtengo umagweratu. Chikasu mukudandaula nachocho ena amachilipira mokondwa.

Chotidetsa nkhawa ife ndi nthunziyo. Pachivundikiro cha kumbuyo ndi pa kabatani kopukusira pamakhala timphira totchinga madzi. Timphira timeneti tikatha zaka timauma n'kung'aluka, ndiye chinyezi cha kunyanja kwanuko chimalowa masana kukutentha, usiku n'kusanduka timadontho pansi pa galasi. Mawilo a m'kati ndi opyapyala kwambiri, ena timiyendo take n'tochepa ngati tsitsi, moti dzimbiri likagwira satenga nthawi kuthyoka. Lekani kuipukusa kuyambira lero, chifukwa mafuta a m'kati anauma kalekale ndipo zitsulo zikungodyana. Kuiika mu mpunga sikuchotsa madzi omwe alowa kale. Pitani nayo kwa wokonza amene amadziwa mawotchi opukusa, osati wongosintha mabatire. Aitsegule, aphwasule makina, atsuke, athire mafuta ake enieni, asinthe timphira, basi. Chilichonse chomwe wachotsa, ngakhale galasi lokalikalo, akubwezereni. Ntchito imeneyi izichitika pakatha zaka 5 kapena kuposerapo pang'ono.

Akaitsegula, jambulani bwino ndi foni. Pa Omega yakale, nambala yosonyeza mtundu imakhala m'kati mwa chivundikiro, ndipo nambala ya wotchiyo payokha imadindidwa pa makina. Nambala ziwirizi ndizo zidzakuuzeni mtundu wake ndi zaka zomwe inapangidwa. Funafunaninso m'sutikesi ya malemuwo: risiti, kabokosi, kapepala ka sitolo, ngakhale chithunzi chawo atavala wotchiyo. Zonsezi zimawonjezera mtengo.

Za ndalama zambirizo, mnzanu sananame, koma wakokomeza. Wotchi ya Rolex Daytona yomwe inali ya katswiri wa mafilimu wa ku America Paul Newman inagulidwa madola 17.8 miliyoni ku okushoni ya Phillips ku New York mu 2017. Wotchi ya m'thumba ya Patek Philippe yomwe anapangira munthu wina wolemera wa ku America, Henry Graves, inafika pafupifupi madola 24 miliyoni ku okushoni ya Sotheby's ku Geneva mu 2014. Koma amenewa ndi mawotchi osowa, odziwika mwini wake ndi mbiri yake. Omega wamba ya m'ma 1960 imakonda kugulidwa madola mazana angapo, mwina kudutsako chikwi ikakhala yosamalika. Ikakhala Speedmaster, mtundu womwe unafika kumwezi mu 1969, pamenepo nkhani yasintha, ndipo musaigulitse mothamanga kwa munthu wongobwera pakhomo. Makampani a okushoni amaunika zithunzi kwaulere pa intaneti. Mukagwirizana, mumaika mtengo womwe sangagulitse pansi pake, iwo n'kudulapo gawo lawo wotchi ikagulidwa.

Panopa muisunge m'kabokosi kotseka bwino, muikemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Ikhale kutali ndi sipika ya wailesi kapena foni, poti maginito amamatanitsa kasipuling'i kopyapyala ka m'kati, wotchi n'kuyamba kuthamanga.

FUNSO: Ndaona wotchi pa okushoni ya pa intaneti yolembedwa 125/500 kumbuyo. Akuti anapanga zochepa. Ndingapikisane nawo? — Mayi wa ku Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Mayi, nambalayo ikutanthauza kuti wotchiyo ndi ya 125 mwa mawotchi 500. Kuchepa pakokha sikukweza mtengo ngati palibe oifuna. Onani kaye kuti mtundu womwewo unagulidwa zingati m'mbuyomu.

Kenaka werengerani bwino. Monga mmene mlimi wa fodya salandira ndalama yonse yomwe belo lagulidwira ku okushoni, kunonso pali zodula, koma wogula ndiye amawonjezera. Makampani akuluakulu amaikapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi pamwamba pa mtengo womwe nyundo yagwera: mukapambana pa madola 2,000, konzani 2,500. Onjezanipo zotumizira, inshuwalansi ndi msonkho wa MRA ikafika kuno. Funsaniretu ku banki yanu ngati angakupezereni ndalama zakunja m'masiku omwe kampaniyo yaika, chifukwa mukapambana simungabwerere m'mbuyo.

Pemphani lipoti la mmene wotchiyo iliri ndi chithunzi cha makina ake atatsegula. Musakhulupirire zoti muvi wa masekondi ukamayenda moyandama ndiye kuti ndi yeniyeni. Zachinyengo zambiri masiku ano zimayendanso choncho. Wogulitsa akakana kuonetsa makina ndi nambala zake, musaikepo ndalama.